Milamba yokhota ya a Fabiano

A Fabiano a ku Chimwankhunda mumayamba mwawamva fungo musanawaone. Si kuti sasamba, ayi, sopo amamudziwa ndithu, koma munthu woti wagwira milamba zaka zonsezi, ngakhale jekete lake la ku tchalitchi limanunkha damu. Mu minibasi ya ku Limbe kondakitala amawakhazika pawindo osawafunsa n'komwe.

Sanabadwe ndi nsomba m'manja. Unyamata wawo wonse unathera mu shopu ya a Jayant, mmwenye wa ku Limbe, kunyamula mabelo a nsalu, kukweza zitseko zachitsulo m'mawa n'kuzitsitsa madzulo. Msana utayamba kukana anapuma ntchito, n'kumanga mathanki a simenti kuseri kwa nyumba, malo amene anthu anzeru amadzalapo mpiru. Anzawo opuma ntchito ankaweta nkhuku, ena zinziri. Iwo anasankha ntchito yovuta kuifotokoza pamaso pa apongozi: kubereketsa milamba, n'kumagulitsa tiana take kwa alimi a madamu a ku Chileka ndi ku Thyolo.

Mlamba ndi nsomba yamwano. Mukauika mu thanki udya, unenepa, umera ndevu zazitali, koma zoikira mazira wokha iwalani. Umafuna mvula ndi madzi osefukira a kudambo. Ndiye pamafunika kuupusitsa ndi jakisoni. Waukazi mumaubaya madzulo, ugone, ndipo m'mawa nthawi ya tiyi mazira amakhala atamasuka m'mimba. Pamenepo mumaufinya, mazira n'kumatsikira m'beseni ngati thelere. Wamphongo ndiye watsoka: umuna wake sutuluka ndi kufinya, mpaka kuupha n'kuung'amba pamimba. A Magdalene, akazi awo a Fabiano, ankati apa pokha Mulungu anaganiza mofatsa.

"Mukuona, bambo a Stacy? Mwamuna ntchito yake ndi ya kamphindi, kenako mumphika."

"Nanga ine mwandisungiranji mpaka lero?"

"Mulibe mnofu."

Ntchito ankagawana. A Fabiano ankagwira nsomba ataikulunga ndi thaulo lonyowa, a Magdalene ndiye ofinya, chifukwa zala zawo zinkadziwa polekezera. Akatero ankakhala pa kampando kawo ka thabwa, pakona ya thanki pansi pa mtengo wa mapeyala, n'kumavundula mazira ndi umuna pogwiritsa ntchito nthenga ya nkhuku. Chimene sankalola ndi kuchedwa. Amuna awo akamazengereza pagalasi, ankakuwa kuchokera kuseri: "Mazirawa sadikira kuti mumalize kumeta ndevu, bambo inu."

Panali mlamba waukazi umene anayamba nawo ulimiwu, waukulu ngati ntchafu ya munthu. A Magdalene anaupatsa dzina loti Adona, poti unkadya woyamba ndipo sunkafuna kukhudzidwa. Tsiku lina la mu Okutobala, kukutentha koti phula n'kumamata ku nsapato, anawabaya Adona madzulo monga mwa nthawi zonse. Jakisoni anabaya ndi a Magdalene. M'mawa anadzuka kukaika madzi a tiyi, ndipo a Fabiano anangomva ketulo ikugubuduka. Anawapeza atagwa pambali pa mbaula, atapindika ngati munthu wozizidwa, mawondo ali pachifuwa. Neba anawathamangitsira kuchipatala pagalimoto yake. Dzuwa lisanakwere bwino pa phiri la Soche, adokotala anali atanena kale mawu awo. Akuti kuthamanga kwa magazi.

A Fabiano anabwerera masana ndi jumbo m'manja, mkati muli chitenje ndi masilipasi. Anapeza masamba ataikidwa kale pamsewu, mipando ya pabalaza itatulutsidwa, amayi a mphakati atadzaza m'nyumba akuimba. Anawakhazika pampando pakhonde, anthu n'kumabwera mmodzimmodzi, kunjuta, kugwira mkono, pepani, pepani. Iwo ankangogwedeza mutu.

Ndiye anamva madzi kuseri. Phwa. Panapita kanthawi, phwa. Anali Adona, akumenya madzi ndi mchira, mimba itawalemera. Nthawi ya tiyi inali itadutsa kalekale. Musaganize kuti mkuluyu ankakonda nsomba kuposa mkazi. Koma pa zinthu zonse za pakhomopo, chimodzi chokha ndi chimene manja a Magdalene anachiyamba osachimaliza, ndipo chinali kuwola m'mimba mwa nsomba iwo atangokhala pampando kulandira pepani. Mchira ukati phwa, ankamva za ndevu zija.

Anauza woyandikana nawo kuti akupita kuchimbudzi.

Ntchito ya anthu awiri anaigwira okha. Adona anawapanikiza pakati pa mawondo, thalauza la maliro lomwelo, n'kufinya ndi zala zawo za mabelo. Mazira anatuluka amadzimadzi, ena otuwa, osakanikirana ndi timagazi, ndipo kafungo kake sikanali kamene ankakadziwa. Anapha wamphongo mwachangu. Nthenga anaipeza pamalo pake, yosomekedwa mumng'alu wa khoma. Pa kampando sanakhalepo. Ananjuta pambali pake n'kuyamba kuvundula.

Mmenemo ndi mmene anawapezera a Dalton. A Dalton ndi mlongo wawo wamkulu wa a Magdalene, wa ku Kanjedza, munthu woti anapuma ntchito ya mu ofesi kalekale koma tayi sanapume naye, amavala ngakhale pokagula makala. Anaima n'kuyang'ana mpeni, magazi, nsomba yong'ambidwa, beseni.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Mazira, alamu. Akanafa."

"Akanafa." A Dalton anawabwereza mawuwo ngati akuwalawa. "Mlongo wanga ali ku mochale, sanazizire n'komwe, inu muli kuno kukwatitsa nsomba. Pakhomo pa maliro munthu sayandikira mkazi wake, zimenezi ndi ana omwe amadziwa. Inu mwatenga za mwamuna ndi za mkazi, mukuvundula ndi nthenga, kuseri kwa khoma lomweli anthu akumuimbira nyimbo."

"Ndi nsomba izi, alamu."

"Mukamuuze iyeyo."

Sanakweze mawu. Bola akanakalipa. Anangotembenuka n'kubwerera kukhonde, ndipo dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika mpaka kwa amayi ophika kumoto.

Maliro anaikidwa, anthu anabalalika, a Stacy mwana wawo anabwerera kubanja kwake ku Lilongwe. Adona sanakhalitse, anapezeka atayandama chagada. Mazira ambiri anayera n'kuwola pa kaneti kamene anayalidwapo. Koma ena anaswa. Poyamba tiana ta mlamba timangooneka ngati tinyenyeswa ta tsitsi la kometa, simungadziwe kuti ndi totani. Titakula pang'ono ndi pamene a Fabiano anaona misana. Yokhota. Tina tinkasambira chammbali, tina kumangozungulira malo amodzi ngati tataya kanthu. Tambiri tinafa. Totsalato tinakula ndithu, tikudya bwino, koma topindika, mutu kuno mchira uko. A Fabiano akatiyang'ana ankaona pambali pa mbaula paja.

Alimi a madamu anabwera, anasuzumira, anabwerera ndi zigubu zawo zopanda kanthu. Dzina linali litamveka kale: nsomba za maliro. Ngakhale anyamata a pa bawo, anthu oti amadya chilichonse chokazinga, anakana kuzilawa zaulere.

Koma chimene chinawadya mkuluyu si malonda. Milamba yokhotayo inali ndi khalidwe. Nthawi ya tiyi yonse inkasonkhana pakona imodzi, pansi pa kampando, mitu itayang'ana m'mwamba, ndevu zikugwedezeka. A Fabiano anadziuza kuti ndi mthunzi wa mtengo wa mapeyala. Anadula nthambi. Inasonkhanabe. Anati ndi chakudya, n'kuyamba kuthira kumbali ina. Inkapita kukadya, n'kubwerera pakona. Analowetsa kampando m'nyumba, n'kukaika kuseri kwa chitseko. Palibe chinasintha. Chonsecho nsombazi a Magdalene sizinawaonepo. Pamene zinkaswa, iwo anali atamwalira kale.

Anasiya kumwa tiyi pakhomo. Ankadzuka, kuthira chakudya akuyang'ana kumbali, n'kupita kukamwera pa kantini ya pafupi ndi damu, kumene tiyi wake amamveka ngati madzi otsukira ketulo. Funso linali limodzi, ndipo linkawatsata mpaka m'tchalitchi: kodi misana imeneyi ndi mawu a Magdalene? Kodi mayi uja, amene sanagonepo ndi mkwiyo chikwatirane, anapita atakwiya? A Dalton chiikireni maliro sanapondeponso pakhomopo.

Chaka chitatembenuka, dzuwa la Okutobala litabweranso, anamva kuti Shivani, mwana wa a Jayant, wabwera kuchokera kunja kudzachita ndi makolo ake chikondwerero chawo cha nyali. Shivani ameneyu a Fabiano anamunyamulapo paphewa ali wamamina. Pano ndi dokotala, koma osati wa anthu. Amafufuza mazira a nsomba. Dziko ndi lozungulira ndithu: kwawo sadya nyama, sadya nsomba, dzira la nkhuku lomwe salikhudza, koma mwana anawoloka nyanja kukaphunzira zimene a Magdalene ankachita ndi nthenga.

Anasankha mlamba waukazi wokhota kuposa yonse, umene ankautchula kuti Chigongono, n'kuuika mu ndowa, n'kukwera nawo minibasi. Kondakitala anasuzumira.

"Madala, nsombayi yachita ngozi pati?"

"Inakwera minibasi yako yomweyi."

Mu shopu munali fungo la nsalu zatsopano ndi lubani. A Jayant anali pakauntala, atakalamba, akuwodzera. Shivani anatuluka, anawagwira manja onse awiri, anapepesa za maliro, kenako anagwada pa ndowa osaopa kuti madzi amudonthera.

"Munafinya mochedwa, ankolo."

"Wakuuza ndani?"

"Msanawu. Kunkatentha?"

"Kunkatentha."

"Kukatentha dzira limakalamba msanga. Likangomasuka m'mimba, nthawi yake yayamba kutha."

A Fabiano anakanda m'mutu. "Adokotala, ine sukulu ndinalekezera panjira. Dzira likakalamba limafa, zimenezo ndikudziwa. Koma ili silinafe. Mayi wake anali wowongoka, bambo wake wowongoka ngati rula. Kukhotaku lakutenga kuti?"

Shivani anayang'ana uku ndi uku, n'kuloza mashelefu. "Shopu ino mumaidziwa kuposa ine. Tinene kuti katundu yense alimo, palibe chabedwa. Koma usiku kwabwera munthu, wakhoma loko pa kabati imene imayenera kukhala yotsegula, watsegula ina imene imayenera kukhala yotseka. M'mawa telala akubwera kudzafuna ulusi, kabati ya ulusi ndi yokhoma. Asoka bwanji? M'dzira muli malangizo onse opangira nsomba, ochokera kwa mayi ndi kwa bambo. Kudikira sikuwasintha malangizowo. Koma pamwamba pake pamakhala tizizindikiro tonena kuti apa tsegula, apa tseka, ndipo dzira likadikira kwambiri timeneti timasokonekera. Zinanso m'katimo zimafooka. Ndiye msana umamangidwa makabati ena ali okhoma."

"Ndiye kuti dzira limakumbukira."

"Sindinatero, ankolo. Silikumbukira ngati munthu."

"Koma lasunga tsiku limenelo."

"Lasunga kuti linadikira."

Mwanayo ankaganiza kuti akuwatonthoza. Sanadziwe kuti wathira mchere pachilonda. A Fabiano anabwera akuopa mzimu, tsopano anauzidwa ndi munthu wa sukulu kuti masana aja, nyimbo zija, thalauza lonyowa lija, zonse zinalembedwa m'thupi mwa nsomba.

"Nanga ana a ameneyu? Adzakhala ndi maloko omwewa?"

"Zambiri zimafufutika m'badwo ukasintha. Zina akuti zimatsalira. Zoona zake, ifenso tikufufuzabe. Mukafinya pa nthawi yake, mwina adzawongoka. Mwina."

A Jayant anatsegula diso limodzi. "Fabiano, chotsa chinthucho mu shopu mwanga, makasitomala aziti tayamba kugulitsa ndiwo."

Pobwerera sanakwere ya ku Chimwankhunda. Anayenda wapansi ndi ndowa yawo mpaka ku Kanjedza. Anawapeza a Dalton ali pakhonde akuwerenga nyuzipepala ya dzana, tayi ali pakhosi.

"Alamu, ndabwera ndi mlandu uja."

"Ndaumva fungo muli kumsewu."

Anaika ndowa pansi n'kufotokoza zonse, za makabati ndi maloko, ngakhale pena anasokoneza mpaka telala anakhala ngati ndi amene anaba ulusi. Kenako ananena chimene anadzera. Akufuna kumubaya Chigongono, amufinye pa nthawi yake yeniyeni. Ana akatuluka owongoka, ndiye kuti kunali kuchedwa chabe. Akatuluka okhota, ndiye kuti a Dalton ananena zoona, mathanki awaphwanya ndi hamala, adzalepo mpiru. Koma ntchitoyi ndi ya anthu awiri.

"Mukufuna ine ndigwire nsomba."

"Munali mboni tsiku lija. Mukhalenso mboni."

A Dalton anayang'ana mu ndowa nthawi yaitali. Nkhope yawo ndi ya a Magdalene ndi imodzi, makamaka akakhala chete, ndipo a Fabiano anayang'ana kumbali.

"Mawu aja ndinakuuzani," anatero a Dalton, "nanenso sanandisiye. Ndibwera. Ayankhe yekha malemuyo."

Anafika m'mawa madzi a tiyi asanawire, atavala ngati akupita kukhoti. A Fabiano anali atabaya jakisoni dzulo lake, ndipo wamphongo anakamutenga ku Chileka, wowongoka, wosadziwa kanthu za pakhomopo. Anatulutsa kampando kuseri kwa chitseko, anakapukuta, n'kukaika pakona pake. Chigongono atangomva manja a mu ofesi anapotokola thupi, mchira n'kuwamenya a Dalton pakamwa.

"Gwirani kumutu, alamu, si failo imeneyo."

"Ikundiyang'ana."

"Iphimbeni maso ndi thaulo. Mchemwali wanu ankatero nane ndikamalongolola."

A Fabiano anakhala pa kampando koyamba m'moyo wawo. Kanali kafupi, mawondo anafika m'makutu. Anaika zala pamimba pa nsomba, anayesa kukumbukira mmene zala zina zija zinkayendera, osakanikiza, kungotsetsereka. Mazira anatsika okha, oyera bwino, onyezimira, opanda fungo. Nthenga inali yomwe ija. Anavundula. Kumsewu kunkadutsa wogulitsa mandasi, ndipo onse awiri anamvetsera mpaka mawu ake anazimirira.

Mawa lake anaswa, ochuluka ngati nyerere. Koma msana suoneka tsiku loyamba. A Dalton anayamba kubwera m'mawa uliwonse, kuwerama pa thanki magalasi ali pamphuno, tayi atamuponya paphewa kuti asanyowe. Tsiku lina anatunga madzi m'mbale yoyera, anapita nayo padzuwa, anayang'anitsitsa. Anataya, anatunganso kwina. Anatunganso.

"Alamu, bwerani."

Tiana tonse m'mbalemo tinali towongoka ngati singano, tikuthamanga uku ndi uku.

A Dalton anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya tayi. "Wakukhululukirani. Mwina sanakwiye n'komwe, anakwiya ndine. Ikani madzi a tiyi, ndimwera pano lero."

Apa nkhani ikanathera bwino, munthu n'kupita kukagona. Koma a Fabiano sanapite kukaika madzi. Anaima pa thanki ya tianato akuyang'ana. Inali nthawi ya tiyi. Tinali titabalalika thanki yonse, kumanja, kumanzere, pakati, kulikonse kumene tafuna. Pakona ya kampando panalibe ngakhale kamodzi. Sitinkadziwa kanthu. Za mbaula, za jumbo ya masilipasi, za amene anabaya jakisoni womaliza, zonse zinali zitafufutika monga ananenera mwana wa a Jayant. Chaka chonse mkuluyu anapempha kuti chinthuchi chichoke pakhomo pawo. Tsopano chinali kuchoka, pamodzi ndi chotsala chomaliza cha a Magdalene.

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi sefa ya tiyi.

"Mwaiwala ketulo," anatero a Dalton.

A Fabiano anapita pa thanki. Anagwada n'kuyamba kusefa madzi, kuyang'ana, kubweza. Kusefa, kuyang'ana, kubweza. A Dalton anatopa n'kudziphikira okha tiyi, anamwa, anawerenga nyuzipepala yawo mpaka tsamba la imfa ndi zikumbutso. Dzuwa linadutsa pamutu. Mthunzi utayamba kutalika, a Fabiano anaimirira pang'onopang'ono, sefa ili m'manja ngati anyamula Ukalistia. Pansi pake panali kamodzi, kochepa kuposa tinzake, kopindika, kakuzungulira malo amodzi.

"Katayeni ako," anatero a Dalton. "Kaipitsa mbewu."

A Fabiano anatenga kapu ya a Magdalene, ya chitsulo yothetheka pamlomo, anatungamo madzi, n'kukaikamo.

"Alamu, mwamva? Mayeso mwakhoza. Mukufunanso chiyani?"

"Aka sikogulitsa."

A Dalton anayang'ana kapu. Anakonza tayi wawo n'kutsanzika.

Alimi a ku Chileka anayambanso kubwera ndi zigubu, poti mbewu yowongoka ilibe mbiri. A Dalton ndi amene amagwira nsomba masiku ano, ndipo jekete lawo layamba kumveka, moti ku Kanjedza kondakitala nayenso wayamba kuwapatsa pawindo. Koma thanki ya pansi pa mtengo wa mapeyala alimi saloledwa kusuzumiramo. Mumakhala Chigongono ndi abale ake otsala, pamodzi ndi kamwana kaja, kamene pano kakula ngati mkono. M'mawa uliwonse a Fabiano amatuluka ndi tiyi wawo, osameta ndevu, n'kukanjuta pambali pa kampando. Pa kampandopo sakhalapo ngati si tsiku lofinya. Milamba yokhota imabwera pakona, mitu m'mwamba, ndipo sikuti imayang'ana iwo.